Galu Woyamwa Mbuzi

Fumbi anali galu wachikuda, wamakutu oima, wopyapyala m'chiuno. Gertrudes anamutola asanaphenyule maso, n'kumamuyamwitsa kwa mbuzi m'khola, monga ankachitira malemu atate ake ku Ntengo-Wambalame. Galu woleredwa chotere amadziyesa mbuzi. M'mawa amapita nazo kudambo yekha, dzuwa likapendeka amazikusira kumene kuli mwini wake.

Alamu ake a Gertrudes, a Raimundo, anamutengako Fumbi kamodzi ku uzimba. Anabwerako akulavula malovu.

"Mlamu, uyu si galu ayi. Gwape wadzuka pamphuno pake, iye n'kumafuna kumukusira kukhola!"

"Kasakeni ndi wanu," anatero Gertrudes. "Wangayu ali pa ntchito."

Mu 1986 amuna amfuti anaotcha mudzi, n'kutenga mwamuna wake Simão kuti akawasenzere katundu. Gertrudes anabereka Isabel, mwana wa miyezi isanu, n'kuthawira m'chigwa pamodzi ndi mabanja anayi, kuphatikizapo la a Raimundo. Mbuzi ndi galu anazisiya dala.

Chakumadzulo anamva kulira kwa mbuzi. Fumbi uyo, akupukusa mchira, mbuzi khumi ndi imodzi zili patsogolo, udzu wonse atauswa ngati msewu.

Anasamukira kuphiri. Mawa lake galu anawapezanso. Anamugenda miyala, iye anangokhala potero n'kumayang'ana. Atamumanga pamtengo, anabuma mpaka phiri kuyankha.

"Mapazi a mbuziwa ngakhale wakhungu awatsata," anatero a Raimundo chapansipansi. "Amfuti aja akatipeza, sasankha kuti uyu ndi khanda."

Amayi enawo ankangokumbatira ana awo, maso ali pa Gertrudes.

A Raimundo anatola nkhwangwa.

"Isiyeni," anatero Gertrudes. "Inu akuthawani. Ine sangandithawe."

Anamasula Isabel n'kumupereka kwa mayi wina. Anakama mkaka pang'ono m'chipanda, natenga nkhwangwa ija, n'kuzungulira kuseri kwa thanthwe.

"Fumbi, bwera. Bwera, mwanawe."

Galu anabwera akuthamanga. Anaweramira mkaka uja.

Atabwerako yekha, Gertrudes anapukuta manja ndi masamba, nabereka mwana wake, n'kumanga nsalu kawiri.

"Tiyeni. Malire sali pafupi."

Mbuzi zinabalalika m'thengo, iliyonse kwake. Anthu anayenda masiku awiri kulowera ku Malawi, osamva chilichonse m'mbuyo. Isabel anafika wamoyo. Koma njira yonseyo, dzuwa likapendeka, Gertrudes ankachepetsa liwiro n'kucheuka, mpaka a Raimundo anasiya kumuuza kuti afulumire.