Azakhali anakana mikeka

Moni owerenga, m'dzina la Ambuye. Ndikuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka lero, ngakhale zimene ndikulembazi zikundiwawabe.

Mlongo wanga Heamasi anayambitsa Fangufangu m'chaka cha 2009, kuno ku Nukuʻalofa, m'dziko la Tonga. Inali magazini ya nyimbo ya pa intaneti, yopanda bwana, ndipo dzinalo ndi la chitoliro chathu choyimba ndi mphuno. Iye ankazungulira midzi kujambula makwaya ndi madoda oyimba atazinga mbale ya kava, chakumwa chathu cha mizu. Ine ndinkakonza zolemba zake ndikaweruka kophunzitsa. Abale a ku Auckland ndi ku Sydney ankatilembera kuti akamva nyimbo za mapemphero a m'bandakucha amagwetsa misozi. Okalamba ambiri amene tinawajambula anagona kale, ndipo mawu awo anatsala pa tsambalo pokha, pakuti kompyuta yathu yakale inafa ndi madzi a mkuntho.

Heamasi, inde wake anali inde, iyayi wake iyayi. Msuweni wathu Lopeti atatulutsa chimbale, iye analemba kuti Lopetiyo watenga maimbidwe a nyimbo ya pamaliro n'kuikamo mawu ofunsira atsikana. Zinali zoona.

"Achimwene, fufutani msanga," ndinamuuza. "Mwaiwala amene anamubala?"

"Achemwali, azakhali amadziwa n'komwe poyatsira kompyuta?" anatero uku akuseka.

Amayi a Lopeti, a Sisifa, ndi mlongo wa bambo athu, ndipo pa mwambo wathu chimene azakhali apempha sichikanidwa. Anadikira miyezi isanu ndi iwiri, kufikira ukwati wa Heamasi.

Tsikulo anakhala pamalo awo aulemu. Tinawatulira keke ya pamwamba ndi mikeka yosalala koposa, monga mwa mwambo. Anaikankha ndi chala.

"Mikeka yadzaza kwanga, mphemvu zikuswerana m'menemo. Iwe mkwati, tabwera. Ndamva kuti kanyuzipepala kako kali ndi kiyi."

"Mawu achinsinsi, azakhali?"

"Omwewo. Mulembere m'bale wako Lopeti. Poti nyimbo umazidziwa kuposa tonse, upume, uzikayimbira mkazi wako."

Anthu anaseka poyesa nthabwala. Heamasi anayang'ana bambo, bambo anazolika. Anayang'ana ine, nanenso, Mulungu andikhululukire, ndinazolika. Anagwada, nalemba mawuwo kuseri kwa pepala la nyimbo za ukwati wake.

Lopeti anayamba ndi kufufuta nkhani ija. Kenako anafufuta zonse zoyamikira oyimba anzake. Makwaya ndi madoda aja anati n'zachikale, zikulemetsa tsamba, nazichotsanso. Panatsala zithunzi zake atavala magalasi akuda. Chaka chisanathe anatopa nazo, natseka tsambalo osauza munthu. Ntchito ya zaka khumi ndi chimodzi inafota ngati udzu womera pa tsindwi.

Heamasi tsopano amathyola mphesa ku Mildura, ku Australia. Ukamutchulira za nyimbo amayamba kukamba za mvula. Mwezi watha mkazi wake anabereka mwana wamkazi, ndipo anandiyimbira foni kuti ndipereke dzina, pakuti azakhali tsopano ndine.

"Chilichonse munganene, achemwali," anatero, ndi mawu a munthu wogwada.

Dzinalo sindinaperekebe. Ndikuopa pakamwa panga.

Ambuye akudalitseni, owerenga, nakusungeni. Ndipo tsiku limene mudzakhale pamalo poti palibe angakukanizeni kanthu, Iye aike mlonda pa milomo yanu. Ameni.