Tsiku Limene Alamu Anagwera Mumtsinje

Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'chipinda cha ana obadwa masiku osakwana, ndiye kuzizira ndimakudziwa bwino. Koma sindinaganizepo kuti ndidzafunditsa bambo wandevu zaimvi.

Tinakwera phiri anthu atatu: ine, amuna anga, ndi achimwene awo, omwe ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo. Awiriwa anali asanachezepo bwinobwino chimwalirireni mayi awo, ndipo ulendowu ndinaukonza dala. Pachipata, mlonda wa nkhalango anatiuza mosapsatira mawu kuti kusonkha moto n'koletsedwa, chifukwa udzu unali utauma gwa. Analola kambaula kathu ka gasi kokha, poti kamazima ukangopotokola.

"Ine moto ndimasewera nawo tsiku lililonse," anatero alamu. Mlondayo sanaseke.

Cha m'ma 4 koloko, tikuwoloka kamtsinje pafupi ndi pomwe tinkafuna kugona, alamu anaponda mwala wandere n'kugwera m'madzi, chikwama chili kumsana. Anadzuka akuseka. Pasanapite nthawi kuseka kunatha. Mano ankagundana, zala zikukanika kumasula zingwe za nsapato. Zovala zawo zonse ndi thumba lawo logonamo zinali zitanyowa.

Amuna anga anayamba kutola nkhuni.

"Bambo, zisiyeni zimenezo," ndinatero.

"Ukufuna afere pano?"

"Safa. Koma mukayatsa moto ndi mphepo iyi, tipsa tonse atatu. Mangani tenti kuseri kwa thanthwelo. Pansi pake muyale udzu wambiri, chifukwa nthaka imaba kutentha kuposa mphepo."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anaponya nkhunizo. Ine ndinapita kwa wodwala wanga.

"Alamu, vulani zonse."

"Pamaso panu?"

"Ndatembenuka. Komanso kuntchito ndaona zambiri, inu mulibe chachilendo."

Anavala buluku la mng'ono wawo, lomwe linalekeza m'akakolo, juzi yanga yamaluwa ndi chipewa chaubweya. Ndinatenthetsa madzi, ndinawathira m'botolo, ndinalilowetsa m'sokosi n'kuwaika pachifuwa. Ndinawamwetsa tiyi wa shuga wochita kumata milomo, mtedza n'kumawaponyera m'kamwa. Anapempha kuti kambaula kalowe mutenti. Ndinakana: mpweya wake umagonetsa munthu tulo tosadzuka.

Dzuwa litalowa anali akunjenjemerabe. Ndinalumikiza zipi za matumba athu awiri, likhale limodzi lalikulu.

"Bambo, vulani malaya mulowe. Chifuwa chanu chigunde msana wawo."

"Ine? Ndi awa?"

"Ana olemera kilo imodzi timawapulumutsa choncho. Lowani."

Analowa akung'ung'udza, aliyense ataumitsa khosi ngati anthu osadziwana m'basi. Ine ndinakhala panja, pakhomo pa tenti, ndikutenthetsa madzi ena.

Kenako kunjenjemera kunasiya mwadzidzidzi. Munthu amasiya kunjenjemera akafundidwa, komanso amasiya thupi likagonja. Ndinawaunika kumaso ndi tochi.

"Alamu, ana anga ndi angati?"

Anatsinzina chifukwa cha kuwalako.

"Alamu?"

"Atatu. Wachinayi ndi uyu akundipumira m'khosiyu."

Ndinawagwira pamimba. Panali potentha. Ndinazimitsa kambaula, ndinalowa nanenso n'kugona kumsana kwa amuna anga, majekete onse tawaunjika pamwamba.

Ndikuyamba kusinza ndinamva alamu akulankhula motsitsa mawu.

"Mapazi akowa sanasinthe. Mayi ankati umagona ndi nsomba m'bulangete."

"Inu mumakoka bulangete lonse, achimwene."

"Ndinali wamkulu."

Anaseka, kenako anayamba za maliro: amene anachedwa kubwera kuchipatala, amene ananena mawu oipa kumanda. Mawu anakwera, anatsika, wina anafwenthera. Sindinalowererepo. M'thumba lothina chonchija munthu sungakwiye n'kuchoka.

Kutacha, madzi a m'botolo lomwe tinaliiwala panja anali ataundana, ndipo nsapato za alamu zinali ngati matabwa. Ndinawaveka masokosi ouma, pamwamba pake timapepala tapulasitiki, kenako nsapatozo. Ndinafunsa ngati titsike.

"Titsikirenji? Pamwamba ndi apa," anatero alamu, akuloza nsonga ya phiri ndi kapu.

Ndinawagwira dzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima, ndinawayendetsa pamzere wowongoka, n'kuvomera. Anatsogola awiriwo, akukangana za njira yachidule. Ine ndinawatsatira pambuyo, mapu ali m'thumba mwanga.