Funso Lochokera ku Zóbuè

Laurentina anakhala pafupi ndi chitseko, dengu la mbatata lili pamiyendo, akudabwa kuti ndi tchalitchi chanji chopanda guwa. Linali Lamulungu lina m'chaka cha 1995, m'kanyumba ka malata akale m'dera la 25 de Setembro, m'tauni ya Moatize. Mnzake wa pamsika ndiye anamulozera kampingoka. Anali anthu amene anazolowera kupemphera limodzi ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, Akatolika ndi ena osakanikirana, ndipo atabwerera kwawo anakana kusiyana. Akatha kuwerenga Mawu sankalalikira, ankafunsana mafunso.

"Mlendo wathu, mwabwera ndi funso?" anatero mayi Elvira, amene ankatsogolera tsikulo. "Kuno wofunsa sitimukalipira."

Laurentina anaika dengu pansi. "Amuna anga, a Gregório, anagwidwa kumunda ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu. Zaka zisanu ndi zitatu tsopano. Kodi ine ndine wamasiye, kapena ndine mkazi wa munthu?"

Funso limeneli anali atayenda nalo mokwanira. Kutchalitchi kwawo ku Zóbuè anamuuza kuti popanda chikalata cha imfa, mwambo wa maliro sungachitike. Mneneri wina anati mwamunayo ali ku Beira ndi mkazi wina. Achibale a mwamuna ankangoti adikire. Aliyense anali ndi yankho lake, ndipo akayankha ankanyamuka, n'kumusiya yekhayekha m'nyumba ya mipando iwiri.

"Sitikudziwa, mana," anatero mayi Elvira, akumutchula mchemwali monga amanenera kumeneko. "Koma tatiuzani, anali munthu wotani?"

Zaka zonsezo palibe amene anamufunsapo zimenezo. Anayamba monyinyirika: anali wamfupi, wokonda kuimba mluzu polima, mwamuna wathunthu koma woopa achule. Anthu anaseka, iyenso anaseka, kenako misozi inangotsika yokha.

Mkulu wina wotsimphina, a Simão, anakweza dzanja. "Anawalowetsa njira iti?"

"Ya kuseri kwa phiri, yolowera kumpoto."

A Simão anatsitsa dzanja. "Inenso ndinasenza matumba njira imeneyo. Amuna anuwo sindikuwadziwa, ndisaname. Koma ndikudziwa pamtsinje pamene ankasiya otopa. Ndikudziwanso mudzi wa kutsogolo kumene ena anathawira, n'kukhala konko mpaka lero, ena chifukwa cha manyazi, ena mitu inasokonekera. Ndekha ndimaopa kubwererako. Mukafuna, Loweruka ndikuperekezani."

"Palibe akukukakamizani," anawonjezera mayi Elvira. "Kaganizireni kunyumba."

M'shapa, minibasi yobwerera ku Zóbuè, anthu anapanikizana ngati nkhuku za pamsika, Laurentina ali pakati pawo. Anali ndi mantha. Kusadziwako kunamuzunza, inde, komabe anali atakuzolowera: malinga sanaone manda, ankatha kumva mluzu panjira n'kutuluka kukasuzumira. Sabata yonseyo anapalira mbatata, natunga madzi, nadya yekha. Lachinayi anatsimikiza kuti sapita. Lachisanu anatsegula chibokosi, n'kutulutsa malaya oyera a mwamuna wake, amene iye anathawira nawo ku Malawi n'kubwerera nawo osavalidwa. Anawachapa, nawayanika kuseri kwa nyumba kuti aneba asamufunse.

Loweruka m'mawa, a Simão potsika shapa anamupeza ataima kale pamsewu, malole a kumalire akumuthira fumbi. Paphewa anali ndi khasu, m'khwapa malaya opinda bwino.

"Mana, khasu ndi malaya, zonse ziwiri?"

"Sindikudziwa chimene chikafunike kumeneko," anatero Laurentina. "Tsogolani, bambo."