Mpunga wa Asewere

Winfrida anali asanavule n'komwe nsapato pakhomo pa nyumba ya maliro ku Ilford pamene mayi wina wachikulire anamugwira manja onse awiri n'kuyamba kumuthokoza. Akuti mpunga umene anatumiza uja unakwanira onse ochokera kumanda.

Mpunga uti? Winfrida anangogwedeza mutu.

Omwalirawo anali mayi Rukhsana, amake a mkamwini wake Talha. Uthenga unamupeza Winfrida Lachiwiri ali pantchito kunyumba yosamalira okalamba. Iye anaganiza za maliro a Amalawi a ku London, amene amadikira milungu kuti abale asonkhane. Anamaliza shifiti, n'kuvomeranso ya Lachitatu, foni ili m'chikwama. Poweruka anapeza kuti mwana wake Stephanie waimba kasanu ndi kanayi. Asilamu sachedwetsa maliro. Mayi Rukhsana anali ataikidwa kale.

Kukhitchini Stephanie anatseka chitseko. Ananong'ona kuti kwa apongozi akewo, nyumba ya maliro sikoleza moto masiku atatu, ndipo chakudya choyamba chimachokera kwa makolo a mtengwa. Chikapanda kubwera, mtengwayo ndiye amayenda chowerama moyo wake wonse.

“Bwanji sunandiuze?”

“Mukanayankha foni, amayi?”

Zaka zinayi zonse mayi Rukhsana ankamutchula Winfrida kuti samdhan, ndiye kuti asewere m'chinenero chawo cha Chiurdu, ndipo ankati awiriwo ndi pachibale tsopano, poti ana awo amadyera mbale imodzi. Ankamuitanira tiyi mwezi ndi mwezi. Yankho lake linali lomwelomwelo: ndili pa shifiti.

“Nanga mpungawo waphika ndani?”

Stephanie analoza kusinki, kumene kunali mulu wa makontena apulasitiki. Anati mwezi watha, madokotala atawauza zoona zoti sachira, apongozi akewo anaphika masiku awiri atakhala pampando, miyendo itakana, mpaka firiji inadzaza. Atafunsidwa chifukwa chake anangoti, “Samdhan wanga amasamalira amayi a eni ake. Mwambo wathu saudziwa. Asadzachite manyazi chifukwa cha ine.”

Winfrida ananyamula chivundikiro chimodzi. Panali kapepala komatidwa, ndipo pakapepalapo dzina la Winfrida, lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera. China, chimodzimodzi. Zonse.

Kuchipinda chochezera azimayi anayamba mapemphero. Winfrida anapinda manja a juzi, n'kutsegula mpopi. Anatsuka zivundikirozo chimodzichimodzi, chala chili pakapepala kuti madzi asafikepo.