Chiswe Pansi pa Mphasa

Joana anakumba ndi chala, kenako ndi supuni, pakona pomwe ankayala mphasa yake. Ines, mayi ake, anaima pakhomo ndi khasu paphewa akumufulumizitsa. A Sumani, telala wa pamsika wa Katuli, anali atanena kuti akapanda kulandira ndalama tsiku limenelo, yunifomu siitha sukulu isanatsegulidwe.

Kansanza komwe anakulungamo ndalama kanatuluka, koma konyowa. Joana atakamasula, m'manja mwake munagwera dothi, tizidutswa ta mapepala, ndi chiswe chili yakaliyakali.

Mwanayo sanalire. Anangokhala pansi n'kumayesa kulumikiza tizidutswato pabondo.

Ndalamazo zinali thukuta lake. Chifikireni kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo, Ines analumbira kuti mwana wake sadzakula akungodziwa kuima pamzere wa chithandizo. Iye mwini sukulu anaisiyira panjira, ndipo ankadziwa kuwawa kwake kopempha ngakhale sopo. Choncho anapatula ufa ndi mafuta pang'ono pa zimene ankalandira, n'kumuphunzitsa Joana kukazinga zitumbuwa. Malamulo anali awiri: mpamba sudyedwa, ndipo phindu mayi salikhudza. Nthochi ankagula yekha mwanayo. Akapsereza, ankaluza yekha.

Koma kasungidwe anamuphunzitsanso Ines yemweyo. Makobili akachuluka ankamutuma kukasintha kuti akhale mapepala, chifukwa chitsulo chimalira pothawa. Ndipo kwawo chinthu chamtengo ankachikwirira, poti nyumba imapsa koma nthaka siipsa.

Abiba, mayi wogulitsa usipa amene anawapatsa malo omangapo, anasuzumira atadabwa kuti m'nyumbamo muli zii. Anayang'ana dzenjelo, anayang'ana mwanayo, n'kugwira pakamwa.

"Che Ines, pawailesi akamati chuma chili m'nthaka, amanena chimanga," anatero. "Mwadyetsa chiswe cha mudzi wonse. Chaka chino ngumbi zikhala zonona."

"Sekani. Inu simunathawepo nyumba yanu ikuyaka," anayankha Ines.

Abiba sanasekenso, komabe sanabwerere. Anamukumbutsa kuti safunsa anadya phula. Kuno mwana akapeza kangachepe amagula nkhuku, nkhuku n'kubala mbuzi. Kodi sanawauze kalekale kuti Joana agule msoti wake wamawanga uja? Anakana ndani?

Ines anayang'ana kumbali. Tsiku lothawa anapotokola yekha makosi a nkhuku zake zonse kuti zisawaulule kuthengo. Kuyambira pamenepo sankafuna chilichonse chosatheka kumanga pachitenje. Ngakhale mbewu ya mango sanadzalepo pakhomopo. Mvula inabwera n'kupita, n'kubweranso, iye akuti mawa tibwerera.

Joana anasiya tizidutswa tija. Anamasula mfundo ya pachitenje chake, momwe munali makobili a sabata imeneyo amene anali asanakasinthe. Anali osakwana ngakhale dzanja limodzi la yunifomu.

"Amayi, izi ndi zanga?"

"Zako."

"Ndiye ndikufuna msoti wa mayi Abiba uja. Nkhuku imadya chiswe."

"Nanga kunonso kukadzavuta?"

"Tidzaidya, n'kuthawa takhuta."

Abiba anaseka mpaka kutsamira khoma, akuti mwana ameneyu ndi wamalonda weniweni, msotiwo amutsitsira mtengo. Ines sanaseke. Mtima unkamuuza kuti alande makobiliwo awasunge yekha, koma lamulo analiika ndi iye. Mwana ukamupatsa mpeni kuti aphunzire kusenda, sumulanda akadzicheka koyamba. Ndipo apa wodzicheka sanali mwanayo.

Anauza Joana kuti kwa a Sumani apita yekha akapepese, kuti nsaluyo aisunge. Apitanso kwa aphunzitsi akapemphe kuti mwana ayambe ndi diresi lakale. Akakana, adzapitanso mawa lake mpaka atatopa naye.

"Mafuta onse a mwezi uno ukazingire zitumbuwa," anawonjezera. "Dzenjelo linali langa. Ndiwo tidya zamadzi."

Masana Joana anabwera atakumbatira msoti wamawanga, chingwe chili kumwendo. Anaumangirira pakona paja, ndipo nkhukuyo inayamba kujompha m'dzenjemo osadikira kuuzidwa.

Ines kumunda sanapitenso. Anatenga chikwanje, n'kubwerako ndi mitengo ya khola pamutu. Abiba, akudutsa ndi dengu la usipa, anamuuza kuti khola la nkhuku imodzi silifuna maenje akuya choncho.

"Zichuluka," anatero Ines, n'kupitiriza kukumba.