Dothi la Malemu Otegen

Dokotala atanena kuti chifuwa cha mayi Ulbosin chasiya kumva mankhwala, gogoyo sanalire, ndipo sanafunse kuti atsala ndi nthawi yotani. Atafika kunyumba anatsegula bokosi lawo, n'kutulutsamo kansalu koyera, n'kuuza mwana wawo Kallibek kuti ulendo wotsatira wa kunyanja apita nawo. Ankafuna dothi lodzaza dzanja limodzi, la pamalo pamene amuna awo a Otegen anamira, kuti adzawaikire m'manda.

Kwathu ku Moynaq munthu amagona pambali pa mnzake, mumpanda umodzi. Koma a Otegen analibe manda. Boti lawo linamira m'chimphepo nyanja ikadali nyanja, Kallibek ali m'mimba. Amati madzi saiwala khwawa, koma athuwa anaiwala. Madziwo anachoka padoko Kallibek ali pasukulu, ndipo lero kuti uwaone uyenera kugwedezeka m'galimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukuponda pamene pankasambira nsomba. Ntchito ya Kallibek inali imeneyo: kunyamula alendo ochokera kutali, kukawaonetsa maboti adzimbiri, linga lakale, ndi madzi otsalawo asanathe.

Anayesa kukana. Anati msewu ndi woipa, galimoto ndi ya abwana, ndipo alendo sabwera kudzamva nkhalamba ikutsokomola. Mkazi wake Tazagul anathandizirapo, nati fumbi la kumeneko lingawamalize apongozi ake tsiku lomwelo.

"Iwe umanyamula anthu a eni kukawaonetsa mabwinja, ndiye ulephere kunyamula mayi ako?" anatero a Ulbosin. "Ukawauze kuti nanenso ndine bwinja, andijambule."

Kallibek atafunsa kuti malowo akawadziwa bwanji m'chipululu chonsecho, mayi ake anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana. Asodzi akale analibe makina, ankadziwa malo poyang'ana kumtunda. Mnzawo wa a Otegen amene anapulumuka tsikulo anawauza zizindikiro ziwiri, ndipo iwo anazisunga zaka zonsezi ngati pemphero. Ukaima pamene boti linamira, nsanja ya linga lakale imaoneka itaima pakati penipeni pa mpata wa phiri lakuseri kwake, ndipo nsonga ya chilumba cha mbalame imakhala kudzanja lamanja.

Koma Kallibek ankadziwa chimene mayi ake sankadziwa. Nsanjayo inagwa chaka chatha, mvula yoyamba itangodutsa. Mphepo inali itaidya kale, n'zoona, komanso alendo ankaikwera kuti ajambulidwe atatambasula manja, iye ali pansi atawagwirira zikwama. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anaona mmene mayi ake ankapindira kansalu kaja, ndipo anangoti adzadzuke m'mawa.

Alendo a ulendowo anali mwamuna ndi mkazi wake, anthu abwino ndithu, ofiira ndi dzuwa, olankhula kudzera m'foni yomasulira mawu. Anawapatsa a Ulbosin mpando wakutsogolo ndi maswiti, a Ulbosin n'kuwabwezera buledi ndi mkaka wangamila wosasa, umene mwamunayo anameza molimba mtima maso ali ndi misozi. Nyumba zitatha, galimoto inatsetsereka pagombe lakale n'kulowa pansi pa nyanja. Alendo ankaimitsa galimoto pafupipafupi kuti atole zigoba za nkhono. Gogoyo sanatsike, ankangoyang'ana kutsogolo, kansalu kali pamwendo.

Masana anakwera chikhoma cha thanthwe chimene kale chinkatchinga nyanja n'kufika palinga. Alendo anathamangira pamakoma, akusangalala ngati ana. A Ulbosin anatsegula chitseko, nayendetsa maso uku ndi uku.

"Nsanja ili kuti?"

Kallibek analoza mulu wa miyala ndi dothi, wofika munthu m'chiuno. Anadikira kuti amukalipire, mwinanso zikanamupepukira. Koma mayi ake anangotsokomola nthawi yaitali, kenako anati zinthu zimaoneka mwina ukakhala kunyanja, atsikire komweko.

Kallibek anakasiya alendo kumatenti a pafupi ndi madzi, kumene anakalowa m'nyanja yamchereyo n'kumayandama chagada akuseka. Iye ndi mayi ake anabwerera pansi pouma paja. Kallibek anayendetsa pang'onopang'ono, mutu uli kunja kwa windo, akufunafuna mpata wa phiri. Anaupeza, n'kupezanso wina, ndi winanso, chifukwa thanthwe lakhala likugumuka chichokereni madzi. Linga linkaoneka ngati kamzere chabe pamwamba, ndipo kamulu ka nsanja sikankaoneka n'komwe. Anatembenukira kumanja kufuna nsonga ya chilumba. Chilumba chimadziwika ndi madzi. Chimene chinalipo chinali chitunda chachitali chongosungunukira mumchenga, chopanda poyambira, chopanda mbalame ngakhale imodzi.

Anazungulira, nabwerera, nadutsa pamapazi a matayala ake omwe. Thukuta linamutsika m'khosi. Munthu woti amadziwa dzenje lililonse la m'chipululumo, woti madalaivala anzake amamuimbira foni akasochera, analephera kupeza malo amodzi okha amene anafunikadi pamoyo wake. Anachita manyazi, anachitanso ukali, koma panalibe woti amukwiyire.

A Ulbosin anamuuza kuti aime. Anatsika mogwirira chitseko, nayenda pang'ono, nthaka ikuphwanyika pansi pa nsapato zawo ngati zigoba za mazira. Anayang'ana kuthanthwe, kenako anakweza mutu pang'onopang'ono mpaka kuyang'ana kumwamba kopanda kanthu. Apo m'pamene Kallibek anazindikira chimene mayi ake anali ataona. Asodzi aja ankayang'ana zizindikirozo ali pamwamba pa madzi, ndipo madziwo ankafika kutali pamwamba pa mitu yawo. Boti linali uko, m'mlengalenga, pamene tsopano pankangodutsa mphepo. Ngakhale nsanja ikanakhalapo, munthu woima pansi pano sakanaiona mmene iwo ankaionera.

"Amayi, ndi pano," anatero Kallibek. "Ndayang'ana bwino. Ndi pompano."

"Usandinamize, iwe unali m'mimba."

Komabe anagwada. Anayala kansalu, nakapsinja ndi bondo, natapa dothi ndi dzanja. Silinali dothi loti munthu angaliumbe, linali phulusa loyera la mchere ndi zigoba zoperepeseka. Asanalifikitse pansalu, mphepo inalinyambita pachikhatho. Anatapanso, nafumbata, ndipo linatuluka m'mipata ya zala n'kuuluka ngati utsi. Kallibek anagwada kuti awatchingire ndi msana, koma iwo anamukankha pang'ono, maso ali pafumbi limene linkapita.

"Limapita kuti limeneli?"

"Kwathu, amayi. Mphepo ya kuno imathera kwathu. Si ndi lomwe adokotala amanena lija, lomwe lakulowani m'chifuwa."

Anangonena poyankha funso, osaganiza. Mayi ake anaseka kaseko kakang'ono koipa, kamene kanathera m'chifuwa.

"Ndiye kuti bambo ako akhala akubwera kunyumba zaka zonsezi," anatero. "Ine m'mawa uliwonse ndi tsache, kuwasesa pakhomo, ndikutukwana."

Kallibek anafuna kunena kuti sizili choncho, kuti fumbi ndi fumbi basi, kuti chipululuchi n'chachikulu ndipo munthu mmodzi ndi wochepa. Koma analeka, pakuti sankadziwa ngati akanawatonthoza kapena akanawalanda kanthu kokhako kamene anapeza paulendowo. A Ulbosin anakutumula kansalu kaja, nakapinda kopanda kanthu, n'kumuuza kuti awadzutse.

Pobwerera tsiku lotsatira, mkazi wachilendo uja analankhula m'foni yake, ndipo foniyo inafunsa mwaulemu ngati agogo asangalala ndi ulendo. Kallibek anati asangalala kwambiri. Mlendo ndi mame, panalibe chifukwa chomusenzetsa zimene sakanatha kupita nazo. Alendowo anawasiya kuhotela akugwedeza manja, matumba atadzaza zigoba za nkhono.

Kutacha, mphepo inali itagwira ntchito yake monga mwa masiku onse. Pakhonde, pamawindo, pansapato za adzukulu zimene zinagona panja, ponse panali mbuu. Kallibek potuluka anapeza mayi ake atakhala pakampando pafupi ndi chitseko, kansalu kali pamwendo, akuyang'ana pansi. Tazagul anatuluka ndi tsache, ndipo poti mwamuna wake anali atamufotokozera zonse, anaima pakhomo osadziwa chochita. Anayang'ana Kallibek kuti amuuze, asese kapena asasese. Kallibek, mwamuna wa imvi, mwini nyumba, anangoweramitsa mutu n'kumasewera ndi makiyi a galimoto.

Mkati mwa nyumba kamdzukulu kamodzi kanatsokomola katulo. A Ulbosin anamva.

"Sesa, mwana wanga," anauza mpongozi wawo. "Ana amapuma pompano."

Anakweza mapazi kuti tsache lidutse, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.