Zitsulo za Tenti

Mwana wanga anafika Loweruka m'mawa atavalabe yunifolomu yake ya unamwino, juzi pamwamba. Anali atagwira ntchito usiku wonse. Ndinamuuza kuti ayambe wagona pang'ono, mapiri sathawa, koma anakana. Anati akatseka maso tsopano adzatsegula Lolemba.

Katundu yense anali kale pakhonde: chikwama cha tenti, mabulangete, timatiresi tiwiri topyapyala, chingwe, nyundo, bokosi la mapoto ndi makapu. Iye anawerama kuti asuzumire m'bokosimo. Ndinamukumbutsa pangano lathu, ndipo anabweza dzanja n'kulipisa m'thumba la juzi.

Panganolo linabadwa chifukwa cha ketulo. Mwezi wapitawo ndinaiteleka pa mbaula yamagetsi n'kupita kuseri kukakonza mpanda, ndipo pobwerako ndinaipeza itapserera mpaka kubooka. Mwana wanga anadzapeza fungo lake madzulo a tsikulo. Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku ndi tsiku, kudutsa mzinda wonse, asanapite kuntchito kapena akaweruka. Ankanunkhiza m'khitchini, kugwira mbaula ngati ikutentha, kugwedeza botolo la mankhwala anga. Kenako anaitulutsa nkhani yomwe ndinkaidikira: kwawo kuli chipinda chakumbuyo, mkamwini wachipenta kale, ndisamukire kumeneko. Chimwalirireni mayi ake ndakhala ndekha m'nyumba yathu, ndipo sindinkafuna kuchokamo. Zifukwa sindinamuuze zambiri. Ndinangoti m'nyumba za eni tulo sindilipeza.

Ndiye ndinamupempha kuti tipite kumapiri tikagone mu tenti, monga tinkachitira iye ali wamng'ono. Ndilongedza ndekha, iye osakhudza kanthu. Tikagonako usiku umodzi popanda chosowa, nkhani ya chipinda aisiye mpaka chaka chamawa. Anaganiza kaye, kenako anavomera.

"Koma pakasowa ngakhale supuni, Adadi, mukusamuka," anatero.

Masupuni ndinaika ochuluka kuposa mbale.

Mzinda wathu unamangidwa m'tsinde mwa mapiri, moti ukangodutsa depoti ya mabasi ndi malo ochekera matabwa, msewu umayamba kukwera. Malo omwe tinkapitako kale anamangapo hotelo yagalasi lokhalokha, choncho tinayenera kufunafuna ena. Mwana wanga ankayendetsa, foni yake ili pambali pa chiwongolero kutiuza kokhota.

Malo oyamba anali m'mbali mwa damu, pafupi kwambiri ndi mzinda. Magalimoto anali thothotho, iliyonse itatsegula zitseko ndi nyimbo zake. Bambo wina wopanda malaya ankawotcha nyama moyandikana ndi chimbudzi. Sitinatsike n'komwe. Mwana wanga anatembenuza galimoto ndisanalankhule, ndipo ndinamuthokoza chamumtima.

Malo achiwiri anali abwino powaona. Udzu wobiriwira wometedwa bwino, mitengo ya paini mozungulira, mpopi wamadzi, bata. Woyang'anira malowo anatiyendetsa akugwedeza makiyi ake, ndipo mwana wanga anayamba kale kuvula juzi. Koma ine ntchito yanga, ndisanapume, inali yoyeza malo odutsa misewu, ndipo diso la ntchito imeneyo silipuma nawo. Ndinaona kuti malowo ndi chidikha, mapiri awiri akutsanulira madzi awo pomwepo. M'tsinde mwa mitengo munali mzere wa matope ouma wofika m'katumba. Ndinamuonetsa mwana wanga. Woyang'anirayo anati mwezi uno mvula sigwa. Ndinamuyankha kuti mvula sinandilonjezepo kanthu ine.

Tili m'galimoto mwana wanga anandikumbutsa kuti sitinabwere kudzamanga msewu, tabwera kudzagona usiku umodzi. Anati anthu odwala msana amagona pabenchi la kuchipatala osadandaula, koma ine wathanzi ndikukana udzu. Ndinangomuthirira tiyi wa mufulasiki. Anamwa akuyendetsa ndi dzanja limodzi.

Kenako foni ija inatisocheretsa. Inatichotsa pa tala n'kutilowetsa m'kamsewu kamiyala kokwera mokhotakhota, galimoto ikulira ngati ikupempha chikhululukiro. Titafika pamwamba foniyo inalengeza mosangalala kuti tafika. Patsogolo pathu panali geti lomangidwa ndi tcheni chadzimbiri, chikwangwani chofufutika, ndi mbuzi zikudya m'kati. Mwana wanga anazimitsa injini n'kutsamiritsa chipumi pa chiwongolero. Ndinamuuza kuti ndikhoza kuyendetsako. Osadzutsa mutu, anandifunsa ngati ndi maso omwe aja amene amawerenga nyuzipepala ndi galasi lokuzira zilembo.

Dzuwa linali litapendeka pamene tinabwerera pa tala. Mawondo anga anali atauma, msana ukuwawa pamalo ake a nthawi zonse. M'njiramo ndinazindikira chomwe chinkandivuta tsiku lonse: pa maulendo athu onse aja, ine sindinasankhepo malo. Ankasankha anali mayi ake. Tikafika pamalo, ine ndinkayamba kufotokoza za kutsetsereka kwa nthaka ndi kolowera madzi, iwo osamvetsera. Ankavula nsapato, kugona chagada pansi, kachikwama kawo kutsamira, n'kutseka maso. Pakapita kanthawi ankati "pano" kapena "ayi", basi, mlandu watha. Ndi maphunziro anga onse oyeza nthaka, gawo langa linali kukhoma zikhomo. Ndinkadziwa kukana malo. Kuvomera malo sindinaphunzire.

Malo otsiriza tinawapeza popanda foni. Dalaivala wa lole yonyamula mitengo, yemwe tinamupeza akuthira madzi mu injini m'mbali mwa msewu, anatilozera kanjira kodutsa kuseri kwa nsanja ya mafoni. Kumeneko kunali kabwalo paphewa la phiri, mitengo ingapo yamthunzi, mpopi, ndi chimbudzi chokhala ndi chitseko chotsekeka. Mayi woyang'anira malowo ankachapa zovala. Anatiuza kuti timange paliponse pomwe tikufuna, kulibe wina lero, n'kubwerera ku beseni lake. Kumunsi mzinda unkaoneka wonse, waung'ono ndi wautsi.

Ndinayamba kuyendayenda, kuponda apa ndi apo, kuyang'ana kolowera madzi. Nditacheuka ndinaona mwana wanga atavula nsapato. Anagona chagada pansi pa mtengo wina, juzi atalipinda kutsamira, n'kutseka maso. Sindikudziwa ngati ankakumbukira kapena thupi lake linangofuna pansi.

"Pano," anatero.

Sindinatsutse. Ndinatsitsa chikwama cha tenti, kuyala nsalu yake pambali pake, kukoka ngodya zonse kuti ziwongoke. Zikhomo zinalowa bwino, nthaka inali yofewa pang'ono. Manja anga ankakumbukira ntchito yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamva kupepukidwa. Kenako ndinapisa dzanja m'chikwama kuti nditulutse zitsulo zoimikira tentiyo.

Munalibe.

Ndinakutumula chikwamacho. Munagwa chikhomo chimodzi chopindika ndi masamba ouma a ulendo wina wakalekale. Sindinapite kukayang'ana m'galimoto, chifukwa ndinadziwa pomwepo komwe zinali. Zaka zambiri zapitazo ndinatenga chitsulo chimodzi kukatokosera ngalande ya padenga yomwe inatsekeka ndi masamba, ndipo ndinachipinda. Mayi ake sanakalipe. Anangotenga zitsulo zonse, kuzimanga ndi lamba wa diresi, n'kuziimika m'kabati yawo ya zovala, kumbuyo kwa madiresi aatali, komwe ine sindinkafikako. Kuyambira pamenepo nsalu ndi zikhomo zinali zanga, zitsulo zawo. Pa ulendo uliwonse ankatuluka nazo pomalizira, atakhoma kale chitseko, n'kuzilowetsa m'galimoto pakati pa mipando. Ine sindinazinyamulepo, moti polongedza dzulo lake dzanja langa silinazisowe. Ndipo kabati imeneyo sinatsegulidwe chibwerereni kumanda. Ndimaipukuta fumbi pamwamba Loweruka lililonse, koma chitseko chake sindichikhudza.

Ndinatembenuka kuti ndimuuze mwana wanga. Anali m'tulo, kukamwa kuli yasa pang'ono, nyerere ikuyenda pa mkono wake iye osaimva.

Ndinaima pamenepo ndi chikwama chopanda kanthu m'manja, n'kuyang'ana mtengo, kuyang'ana galimoto. Chingwe ndinali nacho chachitali. Kuchimanga ku nthambi, kuchidutsitsa m'timakutu ta pamwamba pa tenti, n'kukachikokera ku denga la galimoto, si ntchito yoti ingandigonjetse. Tenti ikanaima, yopendekeka pang'ono koma yogonamo. Iye podzuka ndikanamuuza kuti masiku ano ndimakonda kumanga choncho, zitsulo zimalemera. Mwina akanakayika, koma anali wotopa kwambiri moti sakanafunsa kawiri. Chaka china m'nyumba mwanga chinali m'chingwe chimenecho. Ndinakachitenga n'kuyamba kuchimasula.

Foni yake inayamba kunjenjemera pa mpando wa galimoto. Ndinathamangira kuiyankha kuti isamudzutse. Anali mkamwini. Atamva mawu anga anasintha kalankhulidwe, n'kundipatsa moni mwaulemu wake wa nthawi zonse, wautali ngati kalata yofunsira ntchito. Anafunsa ngati tapeza malo. Ndinati tapeza, mkazi wake wagona pansi pa mtengo. Anapuma mwamphamvu n'kunena kuti ndimusiye agone. Kenako anazengereza, ndipo ndinamva kuti pali china.

"Musamuuze kuti ndakuuzani, Bambo," anatero. "Lachitatu pochokera kwanuko anagona pa chiwongolero ataima pa maloboti. Anadzutsidwa ndi mahutala a anthu akumbuyo. Wandiletsa kuti ndisakuuzeni, akuti mudzaona ngati tikukukakamizani."

Ndinamuthokoza. Ndinamufunsanso za galimoto yake, ngati amakaniko anapeza vuto lake, chifukwa sindinkadziwa kuti foni yotere imathera pati.

Ndinabwerera n'kukhala pa bokosi la mapoto. Mapazi a mwana wanga anali otupa, masokosi atasiya mizere m'akakolo. Ali wakhanda ankagona chimodzimodzi, dzanja limodzi pamwamba pa mutu. Ndinachotsa nyerere ija ndi kaudzu. Chingwe ndinachikulunganso bwinobwino n'kuchiika pa bondo. Mayi woyang'anira malo anadutsa ndi beseni lake pamutu, anayang'ana tenti yoyalidwa pansi ija, anayang'ana ine, n'kupitirira.

Mwana wanga anadzuka mthunzi wa phiri utafika pa ife. Anakhala tsonga, udzu uli m'tsitsi, n'kuyang'anitsitsa tentiyo. Inali gone pansi, yokhomedwa bwino ngodya zonse, ngati chikopa choyanika.

"Adadi, tigona pamwamba pake kapena pansi pake?"

Ndinamuuza kuti zitsulo zatsala. Anafunsa kuti zatsala pakhonde kapena. Ndinati ayi, m'kabati ya mayi ake. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti nthabwala ya supuni ija yafika kale pa lilime, koma anaimeza. Anayamba kuchotsa udzu pa yunifolomu yake umodziumodzi. Kenako anati zitsulo si supuni, pangano lathu linali la zinthu zomwe munthu amaiwala chifukwa cha ukalamba, izi ndi zina. Anati tikhoza kungoiwerenga ngati sinachitike.

Ndinamuuza kuti pangano ndi pangano. Ndinamufunsa ngati chipinda chakumbuyo chija chili ndi khoma lokwana kabati.

Sanandiyang'ane. Anatambasula manja ake kuyeza m'malere, kenako anawonjezera pang'ono. Anati khoma lilipo, la kuzenera, ngati bedi titalikankhira pakona. Koma khomo la chipindacho ndi lopapatiza, ndipo kabati ija ndi yolemera. Anthu onyamula sangaikweze masitepe ili ndi katundu m'kati.

"Tiyenera kuyamba tatulutsa zonse," anatero motsitsa mawu.

Ndinati ndikudziwa. Ndinamupempha kuti tsiku lake lopuma likadzafika ayambe wagona mpaka masana, kenako abwere tidzaitsegule tili awiri. Madiresi adzaone yekha chochita nawo. Ine ndidzatenga zitsulo.

Anavomera ndi mutu, n'kuyamba kuvala nsapato, akulimbana nazo chifukwa cha kutupa kuja. Mphepo inali itayamba kuzizira. Anafunsa ngati tibwerere kumzinda kusanade. Ndinamuonetsa chingwe, ndi nthambi, ndi denga la galimoto, n'kumufotokozera momwe tentiyo ingaimire. Anayang'ana nthambiyo, kenako chingwe chokulungidwa bwino pa bondo langa.

"Ndiye bwanji simunamange ndili m'tulo? Sindikanadziwa."

"Chingwe chimafuna anthu awiri," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe ndimakondera kuyang'anidwa. Kenako anaimirira, kudziwongola msana, n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa nsonga imodzi n'kumuuza kuti akaime kugalimoto, akoke ndikamuuza, osati asanauzidwe ngati mayi ake. Ine ndinapita kumtengo kukafuna nthambi yomwe mkono wanga ungafikire.